Dzanja Loyamba Pakhoma

Pali amuna ena amene Mulungu anawapatsa maso ongoonera njira kuti asagwere m'dzenje. Gércio anali mmodzi wa iwo. Njinga yamoto ankaimva matenda ake ikadali kuseri kwa msika, koma mukamuikira nsalu ziwiri zoyera n'kumufunsa kuti yoyera kwambiri ndi iti, ankakuyang'anani ngati mwamufunsa tsiku lobadwa la udzudzu.

Tsono munthu ameneyu ndiye anamanga nyumba ku Chiuaula, mu tauni ya Lichinga, zipinda ziwiri ndi sala yochezeramo, malata atsopano, pulasitala wouma bwino, kuti akwatire Eveline. Vuto silinali Eveline. Vuto linali kwawo kwa Eveline, ku Lione, kumene mwamuna akakwatira amanyamula mphasa yake kukakhala chikamwini, n'kumalima kachewere m'munda wa apongozi mpaka msana utaiwala kuwongoka. Mayi Palmira, amake Eveline, anali ataneneratu kuti mwana wawo si nkhuku yoti munthu angoipana m'khwapa n'kupita nayo ku tauni. Miyezi isanu ndi itatu Gércio akutuma ankhoswe, ankhoswe akubwerako ndi moni yekha.

Kenaka mawu a mayiwo anafewa pang'ono. "Loweruka ndibwera ndidzaione nyumbayo ndi maso anga. Ikandigwira mtima, ndikawauza achimwene a Pascoal kuti mwana apite chitengwa. Ikapanda kutero, munda ulipo, khasu liliponso."

A Pascoal anali amalume ake a Eveline, eni mbumba, amene mawu awo ndiwo amatseka nkhani. Akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo masiku ano tsitsi lawo linali litayamba kuda mwadzidzidzi, komanso ankabwera ku Lichinga kawiri pa sabata kudzafunsa mtengo wa feteleza. Koma zimenezo tizisiye kaye.

Lolemba m'mawa foni ya Gércio inanjenjemera. Anali Eveline, akulemba ali ku Assumane kumene ankakhala ndi mnzake.

"Mkati tipake penti woyera koma osati woyera."

"Wamwa chiyani m'mawa uno?"

"Tiyi. Tamvera. Pali marfim, pali pérola, pali palha. Ukatenge tizitini tating'ono tonse titatu. Usapake. Ndibwera Lachinayi tidzayese limodzi."

"Atatu onsewo ndi oyera?"

"Inde, monga mmene iwe, abusa ndi tambala wa kwa aneba mulili amuna nonse."

Mawu akuti usapake anawawerenga. Tikunena izi kuti pasadzapezeke wina womuikira kumbuyo kuti sanauzidwe.

* * *

Sitolo yokhala ndi mitundu yovuta chonchi inali imodzi yokha mu Lichinga, ndipo kuseri kwa kauntala kwake kunkaima Stélia. Gércio anayendapo ndi Stélia chaka chathunthu asanakumane ndi Eveline, ndipo anasiyana monga amasiyanirana munthu ndi nsapato yothina: wina akupuma, inayo itatsala kukamwa yasa.

"Taonani amene watikumbuka," anatero Stélia, akuika chibwano pa chikhatho. "Ndimayesa unasamukira kale ku Lione kukalima."

"Bom dia, Stélia. Ndikufuna penti."

"Aliyense wolowa muno amafuna penti. Mtundu wanji?"

Gércio anawerenga mayina aja pa foni ngati akuwerenga mankhwala a ku chipatala. Stélia anatulutsa khadi lalitali n'kuliyala pa kauntala. Gércio analiyang'ana, analitembenuza, analiyang'ananso.

"Pamenepa pali mitundu itatu?"

"Pali khumi ndi iwiri."

"Ine ndikuona pepala."

Stélia anaseka kuseka kwake kuja kumene kale kunkamuiwalitsa Gércio chakudya chamasana. Analoza ndi chikhadabo chofiira. "Pérola ndi uyu, amapita cha ku phulusa, ngati nkhungu ya mu Juni. Ndi kuzizira kwa kunoku, ukapaka ameneyu alendo azifunsa kuti adokotala abwera nthawi yanji. Palha ndi uyu, wachikasu pang'ono, mano a munthu wosuta. Marfim ali pakati. Tenga marfim. Mayi wa ku Lione akalowa m'nyumba ya marfim adzayesa ali kwawo."

"Iwe za ku Lione wazidziwira kuti?"

"Ndimagulitsa penti. Makoma a anthu ambiri ndimawadziwa."

"Ndatumidwa onse atatu."

"Watumidwa," anabwereza Stélia pang'onopang'ono, akuika tizitini m'jumbo. "Koma dziwa kuti penti wa pa khadi ndi wabodza. Amanena zoona ali pakhoma, kuwala kukumumenya. Zenera la sala yako layang'ana kuti?"

"Kunja."

"Mayo. Ndibwera masana ndidzaone ndekha, ungaphe nyumba ya eni."

Pakamwa pa Gércio panatuluka ayi, koma anali ayi wodwala, wa mtundu umene mkazi wochenjera amaumva ngati takulandirani.

* * *

Anabweradi, dzuwa lili pamutu. Gércio anatsekula chitseko mpaka kuchikhomereza ndi njerwa, iye n'kuima pakhomo mwendo umodzi kunja, kuti aneba onse aone kuti m'nyumbamo mulibe chachilendo. Stélia anazungulira m'sala, anayang'ana zenera, anatsekula kachitini ka marfim ndi kiyi, n'kuviika bulashi. Gércio asanapeze mawu, pakhoma loyang'anana ndi chitseko panali chigamba chachikulu ngati lichero.

"Waona? Likauma udzandithokoza."

Anajambula ndi foni, anapukuta zala, napita. Zonse pamodzi sizinakwane mphindi khumi.

Pofika ola lachiwiri masana, chithunzicho chinali pa sitetasi ya pa foni ya Stélia: dzanja la zikhadabo zofiira, bulashi, khoma, ndi zenera lokhala ndi zitsulo zopinda ngati masamba a nyemba, zimene Gércio anawotcherera yekha. Pansi pake analembapo kuti: Nyumba siiiwala dzanja loyamba.

Pofika ola lachitatu, Eveline anali atamutumizira chithunzi chomwecho ndi mawu atatu okha: "Zenera ili ndikulidziwa."

Gércio anaimba. Sinayankhidwe. Anaimbanso kasanu ndi kawiri. Analemba kuti si mmene ukuganizira, amene ndi mawu omwe chiyambire dziko sanapulumutsepo mwamuna aliyense. Atatopa, anakhala pa njerwa n'kuyang'ana chigamba chija, ndipo m'mutu mwake munabwera nzeru. Ngati mitunduyi ndi yofanana, bwanji osapaka zigamba zina ziwiri pambali pake? Zikakhala zitatu, ndani angadziwe cha Stélia? Anapaka pérola kumanzere, palha kumanja, anabwerera m'mbuyo, naona zoyera zitatu zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Anadziyamikira yekha.

* * *

Lachinayi Eveline anafika monga analonjezera, atavala juzi ya buluu imene Gércio anamugulira, chimene chinamupatsa mwamunayo kachiyembekezo. Sanapereke moni. Analowa, anaima pakati pa sala, ndipo asanaike n'komwe chikwama pansi analoza chapakati.

"Ichi."

"Walota?"

"Iwe umapaka ngati ukukwapula ng'ombe, m'mwamba pansi, m'mwamba pansi. Ichi chapakidwa mozungulira, ndi munthu wozolowera kudzola nkhope pagalasi. Komanso mitunduyi yasiyana, Gércio. Ngakhale mbuzi ingaone."

"Sanakhalitse. Chitseko chinali chotsekula. Ukawafunse aneba."

"Aneba andiuza kale, ndisanawafunse." Eveline anatembenuka, ndipo Gércio anaona kuti maso ake sanali okwiya kokha, analinso ndi mantha. "Iwe unakulira mu tauni, sudziwa. Kwathu khoma la nyumba yatsopano silikhudzidwa ndi mkazi wina. Amene wayamba kuzira ndiye mwini nyumba. Ngakhale pa mitala, mkazi wamng'ono sazira pamene pazira mnzake."

"Koma uyu ndi penti, si mtsiro."

"Ukawauze amayi zimenezo. Mayi amene Lione yense amawaitana kukazira nyumba za maukwati."

Gércio anayang'ana khomalo. "Ndipake khoma lonse lero lomwe. Pofika Loweruka lidzakhala litauma. Sadzaona kanthu."

"Ndiye ine ndizidzakhala pa mpando moyang'anana ndi dzanja la Stélia litafunda bulangeti? Zaka zonse?" Anapukusa mutu. "Usakhudze. Adzaone okha. Ndipo akadzakufunsa, ine ndikufuna kudzamva chimene udzayankhe."

Anayamba kutuluka. Pakhomo anaima osacheuka.

"Unamupatsa tiyi?"

"Ngakhale madzi."

"Mpando?"

"Muno mulibe mpando."

"Ndi chokhacho chimene chakupulumutsa lero."

* * *

Loweruka kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone mitengo ya paini ya kuseri kwa msewu. Gércio anasesa bwalo kawiri, anasamba madzi ozizira osadandaula, ndipo anali atakonza bodza labwino, losalala: chigamba chapakati anapaka ndi mmisiri wina wachimuna wa manja ang'onoang'ono, amene panopa anapita ku Cuamba.

Mayi Palmira anatsika shapa, minibasi ya kuno, ali ndi Eveline pambuyo, atavala zitenje ziwiri ndi juzi yachimuna, m'manja atanyamula kaphukusi komanga ndi nsanza. Anali mayi wamfupi, wouma, woyenda ngati nthaka ndi yawo kulikonse kumene apondapo. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi ali mtsikana, anakulira mu msasa wa ku Mangochi, ndipo anthu amati chibwerereni sanaopenso kanthu kupatula ulesi.

Gércio ananjuta patali n'kuwomba m'manja. Iwo anayankha moniyo akuyang'ana malata. Anazungulira nyumba yonse. Anagogoda makoma ndi chala, anasuzumira m'chitsime, anakayendera chimbudzi n'kukhalitsako mpaka Gércio anayamba kutuluka thukuta pa kuzizira konse kuja. Sananene kanthu. Pomaliza analowa m'sala, naima patsogolo pa zigamba zitatu.

Mpongozi wa kwawoko salankhula ndi mkamwini maso ndi maso nkhani isanathe. Choncho anayang'ana mwana wawo.

"Eveline, afunse bambowa kuti nyumba ino ili ndi akazi angati."

"Akuti nyumba ino ili ndi akazi angati."

"Ndamva," anatero Gércio, atanjuta pakhomo.

"Ndiye yankhani."

Bodza lija linali lili pa lilime, litavala kale nsapato. Gércio anayang'ana Eveline. Mtsikanayo sankayang'ana khoma, sankayang'ananso amake. Ankayang'ana iye, atagwira chikwama ndi manja onse awiri.

Mmisiri wa ku Cuamba anafera pomwepo.

"Amayi, ziwiri za m'mbalizo ndapaka ndine, pofuna kubisa chapakaticho. Chapakaticho anapaka ndi mkazi wa ku sitolo ya penti, dzina lake Stélia. Ndinayendapo naye kale, ndisanamudziwe mwana wanu. Ndinauzidwa kuti ndisapake, ndipo atabwera ndinalephera kumubweza. Mwambo sindinkaudziwa, koma mawu a Eveline ndinawamva. Kupusa ndi kwanga."

Kunja tambala wa kwa aneba analira, ngati naye ali ndi maganizo ake pa nkhaniyi.

Mayi Palmira anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi itatu anamuyang'ana Gércio kumaso.

"Malemu bambo ake a uyu anali anzeru kwambiri," anatero. "Anandinamiza zaka makumi awiri osagwidwa n'kamodzi komwe. Ine anzeru ndinatopa nawo. Muli ndi mpeni, bambo?"

"Ulipo, amayi."

"Palani. Osati penti yekha. Mpaka mchenga ugwe."

Gércio anapala. Anapala ngati munthu wofukula chuma, fumbi likulowa m'maso ndi m'mphuno, mpaka pamene panali marfim wa Stélia panatsala bala lotuwa la simenti. Anauzidwa kusesa zopalazo n'kukazitaya kunja kwa mpanda pamodzi ndi bulashi ija, ndipo anakataya kutali kuposa pamene anauzidwa.

Pobwera anapeza kaphukusi kaja katamasulidwa. Munali chibuma cha dothi, chachikulu ngati nkhonya ziwiri. Mayi Palmira anachiphwanyira m'beseni, nathira madzi, nayamba kukanya.

"Tsiku limene tinkabwerera kuchokera ku Malawi, pamudzi panali thengo lokhalokha," anatero osadzutsa mutu. "Mitengo inali itasintha, njira zitafa. Amayi anga anatsikira ku dambo, anakumba ndi chikuni, natulutsa dothi ili. Ndi pamene tinadziwa kuti tafika kwathu. Eveline, vula juziyo."

Eveline anapinda manja a bulauzi, anatapa mtsirowo ndi chikhatho, n'kuupaka pa bala lija. Anazira mozungulira, pang'onopang'ono, monga anaphunzirira ali wamng'ono, ndipo pomaliza anadinda dzanja lake lonse pakati, zala zisanu kuonekera.

Dothilo linali lakuda motuwira, ngati msana wa khoswe. Gércio, amene mtima unali utayamba kubwerera m'malo, analephera kugwira pakamwa.

"Amayi, mtundu umenewu ku sitolo sindinauone."

"Mtsiro sauweruza uli wauwisi. Tiyeni panja."

* * *

Anakhala pa njerwa, nkhungu itachoka, akumwa tiyi wa m'fulasiki ndi buledi. Mayi Palmira anafunsa ngati chitsimecho chimaphwa mu Okutobala, ngati kuseri kungamere nyemba, ndiponso ngati chipinda chachiwiricho chili ndi mwini. Gércio anayankha kuti chipindacho ndi cha alendo ochokera ku Lione. Iwo anati alendo a ku Lione sagona pa simenti popanda mphasa. Eveline anabisa nkhope m'kapu.

Dzuwa litapendeka pang'ono, analowanso.

Khoswe uja anali atapita. Pakhoma panali chigamba choyera mofatsa, chofunda m'maso, dzanja la Eveline lili pakati. Kumanzere kwake pérola ankaoneka wozizira ngati mbale ya m'chipatala. Kumanja palha anali wachikasu, mano a wosuta enieni. Gércio anaphethira. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anaona kusiyana kwa zoyera, ndipo kunamufikira pa tsiku loipa, chifukwa anadziwanso nthawi yomweyo mtundu umene unkafanana ndi dothilo.

Eveline naye anadziwa. Anatola chivundikiro cha kachitini kachitatu, chimene penti wake anali ataumirapo, n'kuchigunditsa pakhoma. Sukanatha kuona pamene chivundikiro chathera ndi pamene dothi layambira.

"Marfim," anatero Gércio chapansipansi, ngati akutchula dzina la womwalira.

"Sindikuufuna," anatero Eveline. "Mtundu wake sindikuufuna. Bola wa chipatalawo."

"Si wake," anatero amake. "Ndi wa dambo la kwathu. Iye anangouba ndi maso. Usathawe m'nyumba mwako chifukwa mbala yayamikira chitseko. Dzanja lili pakhomalo ndi la yani?"

"Langa."

"Basi. Mupake marfim nyumba yonse, koma pamene pali chikhathopo bulashi isafike. Mudzakoleke kalendala ngati mukuchita manyazi ndi alendo." Anamanga nsanza yawo yopanda kanthu. "Achimwene ndikawauza mawa kuti ine ndaona, ndipo ndilibe mawu. Otsala ndi awo."

Gércio anawomba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umafunira. Eveline anamuponda chala kuti asiye, koma phazi lake sanalichotse msanga.

Ali pa siteji kudikira shapa, Mayi Palmira anaima n'kukanda chibwano.

"Chikundizunguza ndi chimodzi. Dothi lija ndimakumba ndekha, malo ake sindiuza munthu. Ndimazira nalo nyumba ziwiri zokha, yanga ndi ya achimwene chimwalirire alamu anga. Tsono mtsikana wa mu tauni analiona kuti?"

Shapa inafika, kondakitala anawakokera mkati, ndipo funsolo linatsala pa siteji.

* * *

"Penti ndikagula ndekha," anatero Eveline. "Iwe ntchito yako ndi kunyamula. Ukakalowa, maso pa zitini."

"Ngakhale moni?"

"Moni ndikupatsira."

Anayenda wapansi mpaka ku sitolo, mapewa akugundana, Gércio akuyesa kumugwira dzanja, Eveline akumukaniza mosakaniza. Ankakangana za makatani. Gércio anati tsopano poti maso ake atseguka, makataniwo asankha ndi iye. Eveline anati munthu amene waona kamodzi asafulumire kutaya ndodo.

Analowa akuseka. Kuseka kunathera pakhomo.

Kuseri kwa kauntala, pa mpando wa mwini sitolo, kunakhala bambo wina atavula nsapato, akusenda lalanje mwaufulu wa munthu amene si koyamba kukhala pamenepo. Tsitsi lake linali lakuda bii ngati lapakidwa polishi. Stélia anali ataima pambali pake, akumuchotsa kaulusi pa kolala.

"Amalume?" anatero Eveline.

A Pascoal anaimirira, anakhalanso, anafunafuna nsapato ndi phazi. "Aa, Eveline, mwana wa mlongo wanga. Ine ndimangofunsa mtengo wa feteleza."

"M'sitolo ya penti?"

"Dziko lasintha. Masiku ano amagulitsa zosiyanasiyana."

Stélia sanachotse dzanja pa kolala. Anayang'ana Gércio, amene maso ake anali pa zitini monga analamulidwira, kenaka anayang'ana Eveline n'kumwetulira mokoma ngati uchi wothira tsabola.

"Marfim, eti? Ndinanena ine. Chipinda cha abambowa ku Lione chimaoneka bwino kwambiri m'mawa." Anawagwedeza phewa. "A Pascoal, muwauza ndinu kapena ndiwauze ndine?"

A Pascoal anatsokomola. "Zinthu zake zikadali m'manja mwa ankhoswe."

"Uyambiretu kuzolowera, Eveline," anatero Stélia. "Mwezi wamawa uzidzanditchula kuti tia, mkazi wa amalume ako. Ndipo nkhani ya chitengwa chakoyo, amalume akowa akuti sangayankhe asanamve maganizo anga."

M'maganizo, Gércio anali atafika kale ku Lione. Anaona munda wa kachewere, anaona khasu, anaona msana wake utakhota. Kenaka anamva zala zikulowa pakati pa zala zake, zala zokhakhala, dothi la ku Lione likadali m'zikhadabo.

Eveline anaika dzanja linalo pa kauntala, chikhatho pansi, monga anachitira pakhoma.

"Zitini zinayi za marfim, tia," anatero mofatsa. "Ndi bulashi yatsopano. Yakale ija tinataya kunja kwa mpanda."